Ndere Zanga Zimapuma

Dzulo ndikutsuka mgolo pamsika, fungo la ndere linandibweza kwathu ku Mvera.

Ndili mwana ndinatola ndere zobiriwira kumtsinje n'kuziika m'botolo la madzi. Padzuwa zinkatulutsa timathovu ngati zikupuma. Basi, malonda apezeka! Ndinathamangira kwa msuweni wanga, mwini galimoto yamawaya imene inkandisowetsa tulo.

"Zamoyo izi, zimapuma. Tisinthane."

Tsoka ilo, mtambo unaphimba dzuwa. Thovu zii.

"Iwe, ukundigulitsa mamina a achule?" anatero akunyamuka.

Ndinagwira chiwongolero cha galimotoyo. "Suchoka. Zikuchita manyazi, sizinakuzolowere."

Ndinakweza botolo m'mwamba mpaka mkono kuwawa, iye akukoka, ine osasiya. Kenaka dzuwa linasuzumira, kathovu kamodzi n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono.

"Waona?" ndinatero. "Siya galimoto yanga."