Tsiku limene ndinamenya chitsulo cha padoko

Amene analipo tsikulo ndi awa: amalume anga a Yohane, mlongo wawo wa mayi anga, amene ankandilera ku Malindi, msuweni wanga Esnati, mwana wawo wa kwa mkazi woyamba amene anamwalira, ndi azakhali Abiti Saidi, mkazi wawo wachiwiri, amene anabwera wapansi kuchokera kuseri kwa mapiri a kum'mawa, kutsidya kwa malire, ndipo za kwawo sankazikamba. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Padoko pathu panali mtengo wa mango, ndipo panthambi yake panapachikidwa chitsulo cha gudumu la lole. Lamulo lake aliyense ankalidziwa. Bwato likagubuduka, kapena ng'ona ikagwira munthu, woona ankamenya chitsulocho, ndipo aliyense wakumva ankasiya chimene chili m'manja n'kuthamangira kunyanja. Wakumva koma osabwera, tsiku la tsoka lake sankamuthamangira. Womenya popanda chifukwa ankakwapulidwa pagulu. Ndiyenera kuvomera, ngakhale lero ndili wokalamba wolemekezeka kutchalitchi, kuti ndinkalakalaka kwambiri kuchimenya. Podutsa ndinkachikodola ndi chikhadabo, kuti ndingomvako kulira kwake kwapansipansi.

Tsikulo usipa unafa wambiri. Unayanikidwa pathandala, ukunyezimira padzuwa la masana, fungo lake lili mudzi wonse, ndipo ine ndi Esnati tinapatsidwa ntchito yoingitsa akhwangwala. Amalume ankasoka ukonde pakhonde, wayilesi ili pambali. Inalengeza kuti kudziko lina lakutali anthu akuphedwa, ana ndi akulu omwe, popanda mlandu wina koma mtundu wawo. Amalume anapukusa mutu n'kunena kuti dziko lonse lamva koma palibe amene akuthamangirako. Kenaka anapitiriza kusoka.

Ndinamunong'oneza Esnati kuti vuto ndalipeza: anthu sakuthamanga chifukwa palibe amene wamenya chitsulo. Iye anati ndikungofuna ponamizira. Sanalakwitse kwenikweni. Komabe anandinyamula paphewa, popeza ndinali wamfupi, ndipo ndinachimenya ndi mwala mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Mudzi wonse unakhamukira padoko. Wina anafika ndi mkondo wolasira ng'ona, wina ndi thovu la sopo kumutu, aphunzitsi athu choko chili m'manja. Mabwato awiri anali atakankhidwira kale m'madzi pamene anthu anakumbukira kufunsa kuti wamira ndani. Esnati anali atazimiririka m'mabango. Ndinayankha ndekha kuti si kuno ayi, ndi kudziko la pawayilesi, kumene akupha anthu. Mkulu wina wogwira nkhafi anandifunsa mwaulemu wonse kuti apalase cholowera kuti. Anthu anaseka, kufikira pamene anacheuka n'kuona thandala lathu lada bii ndi akhwangwala.

Amalume sanaseke. Anathyola nthambi ya bwemba n'kuyamba kupulula masamba ake pang'onopang'ono, ndipo ine msana unayamba kundiwawa nthambiyo isanandikhudze. Pamenepo azakhali anadutsa pakati pa anthu n'kutola mwala womwe uja.

"Bambo a Esnati, taimani kaye. Mukuti mwanayu wamenya popanda maliro? Maliro ndikupatsani ine."

Anamenya kamodzi n'kutchula Saidi, bambo awo. Anamenyanso n'kutchula Amina, mayi awo. Kenaka anatchula ana awo, Ali ndi Mwanaisha, pamene ife sitinkadziwa n'komwe kuti anaberekapo. Anafotokoza, Chichewa chawo chikusakanikirana ndi Chiyao, kuti asilikali anazinga mudzi wawo n'kuutentha ndi eni ake omwe, kuti anakuwa mpaka mawu kutha, kuti midzi yoyandikana nayo inamva, ndipo sanabwere munthu ngakhale mmodzi.

"Inu mwabwera," anatero. "Mwachedwa ndi zaka zinayi, koma mwabwera."

Palibe amene anadziwa chochita ndi nkhafi yake. Popeza anali atabwera kale, anakhala pansi pamchenga wotenthawo, amuna kwaokha, akazi kwaokha, Akhristu ndi Asilamu, monga timakhalira pamaliro, ndipo azakhali analira anthu awo kwa nthawi yoyamba. Nthambi ija amalume anandipatsa ine kuti ndiziingitsira akhwangwala mwezi wathunthu. Esnati, mpaka tsiku limene anamwalira, ankaumirira kuti m'mabango muja anapita kukaona ngati mulibe ng'ona.

Kuchokera tsikulo nkhani yomwe ija ndaimvanso kangapo, dzina la dziko lokha ndilo limasintha. Ndinaimva ndili kusekondale, ndinaimva ndikuyamwitsa, ndipo lero adzukulu amandionetsa pafoni, zithunzi zake zikuyenda. Nthawi iliyonse akuluakulu a mayiko amalonjeza kuti sizidzachitikanso, kenaka amapitiriza kusoka maukonde awo. Chitsulo chathu anachitenga ogula zitsulo zakutha. Masiku ano timamva msanga kuposa kale, koma lamulo lija, lakuti wakumva ayenera kubwera, sindikudziwa amene analitenga.

Amalume, azakhali ndi Esnati onse anapita. Wotsala ndine ndekha, wopalamula. Ndikupempha ana anga, ndi ana a Esnati amene alinso anga, kuti musunge pepalali pouma, kumene chiswe sichifika. Za akhwangwala mukhoza kuiwala. Koma Saidi, Amina, Ali ndi Mwanaisha alibe manda amene tikuwadziwa, ndipo mayina awo sanalembedwe pena paliponse koma pano.