Dzanja Lamanzere Pachifuwa

Matendawa anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya. Singano inangopulumuka m'manja mwanga n'kugwera pansi. Ndinawerama kuti nditole, koma dzanja lamanja silinandimvere. Ndinafuna kuitana mkazi wanga, amene ankathyola masamba kuseri kwa chigafacho, koma chimene chinatuluka m'kamwa mwanga sichinali mawu a munthu. Kenako mwendo nawo unandikana, ndipo ndinagwera pamulu wa fodya.

Inali nthawi ya mvula, msewu uli matope okhaokha. Ananditengera pangolo mpaka pamene galimoto inkatha kufika, kenako kuchipatala ku Ntchisi boma. Adokotala anati ndi sitiroko, magazi anathamanga kwambiri, ndipo mbali yakumanja ya thupi langa yafa. Anandipatsa mankhwala, n'kumuphunzitsa mkazi wanga mmene azindiongolera mkono ndi mwendo. Nditakhalako pang'ono ananditulutsa. Anati zotsalazo zimafuna nthawi.

Kwathu ndi ku Dzoole, koma ndinakwatira ku Nachisaka ndipo ndinkakhala kumeneko pachikamwini. Ulemu wa mkamwini uli pakhasu lake, ndipo ine khasu ndinali nalo. Nyumba yathu ndinaumba njerwa zake ndekha. Belo la fodya ndinkalitembenuza popanda wondithandiza. Lamulungu ndinkaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo anthu ankati ndikatsegula pakamwa mabenchi amanjenjemera.

Munthu yemweyo tsopano ankagonekedwa pamphasa pakhonde, malovu akutsikira pamalaya. Mkazi wanga ankandisambitsa, kundidyetsa ndi supuni, kundinyamula popita kuchimbudzi. Ana athu akabwera kusukulu ankandilonjera ali chapatali, ngati mlendo. Fodya uja anaolera m'chigafa ine ndikuona, pakuti kuchokera pakhondepo chigafa chinkaonekera bwinobwino. Fungo lake linkandipeza pomwepo.

Anthu sanandiiwale pamapemphero, zimenezo sindinganame. Akulu a mpingo ankabwera, n'kugwada, n'kupempha Ambuye kuti ayang'ane pansi, atambasule dzanja lawo. Anabweranso ena a mpingo wina amene anandigwira mutu n'kumaugwedeza, akukuwa kuti chiwanda chituluke. Mayi wina atatha kupemphera anamunong'oneza mkazi wanga kuti mwina pali tchimo limene sindinalape. Ankaganiza kuti poti sindilankhula ndiye kuti sindikumva. Inenso mumtima ndinkapempha kosalekeza. Mulungu ndinkamuona ngati bwana wa ku ofesi ya kuboma amene watseka chitseko, ine ndili panja pamzere, dzuwa likundiwomba, wondiuza kuti abwera liti palibe.

Chimanga chitayamba kuuma, atsibweni a mkazi wanga anatumiza uthenga ku Dzoole. Amene anabwera anali mlongo wanga wamng'ono, wobadwa pambuyo panga, mayi wamasiye amene ankakhala yekha panyumba imene makolo athu anasiya. Anagwada pafupi ndi mphasa yanga.

"Achimwene, mwaswera bwanji?"

Ndinayesa kuyankha. Pakamwa panangopotoka. Iye anatenga nsonga ya chitenje chake n'kundipukuta malovu.

Nkhani anakambirana pakhonde pomwepo, ine ndili pakati pawo.

"Ife sitikuthamangitsa munthu ayi," anatero atsibweni aja. "Bambowa atigwirira ntchito pamudzi pano, tonse tikudziwa. Koma mwana wathuyu payekha sangathe. Munda ukumudikira, ana akumudikira, wodwala akumudikira. Akagwa nayenso, titani?"

Mkazi wanga anangowerama, misozi ikudontha pamiyendo. Anali ataonda moti mafupa a m'khosi ankaoneka.

"Ndamva," anatero mlongo wanga. "Ndiwatenga achimwene akapumeko kwathu. Alamu akolole kaye."

Palibe anandifunsa. Ndinasonkhanitsa mphamvu zanga zonse kuti ndinene kuti ayi, koma kunangotuluka kubuula. Iwo anaganiza kuti ndikufuna madzi, ndipo anandimwetsa.

Mmawa woyamba ku Dzoole, mlongo wanga anandikhazika pampando kunja, nkhope yanga italoza kumene dzuwa limatulukira pamwamba pa mapiri. Anati tipemphere. Ndinatsinzina, kudikira mawu amene ndinawazolowera. Koma iye anagwira dzanja langa lamanzere, lamoyo lija, n'kuliika pachifuwa panga.

"Mukumva chiyani pamenepo?"

Mtima unkagunda.

"Akuugunditsa ndani? Inu? Inuyo panopa simungathe ngakhale kumanga batani la malaya. Koma ukugunda, sunakupempheni chilolezo. Ndiye nenani kuti, Mulungu ali muno."

Ndinakwiya. Ndinaona ngati akunditonza, kapenanso akunyoza Mulungu amene. Thupi lonunkha mkodzo, lopotoka pakamwa, loti anthu amachita kupatsirana ngati thumba la chimanga chofumbwa, Mulungu akhale mmenemo? Ndinachotsa dzanja langa mwamphamvu n'kuyang'ana kumbali.

"Chabwino," anatero. "Mawa kukachanso."

Masana a tsiku limenelo ankasenda mtedza pafupi nane, ndipo anayamba kulankhula maso ali palichero.

"Achimwene, mukukumbukira pamene bambo a kunyumba kuno anamwalira, mwana uja n'kutsatira chaka chisanathe? Inu munabwera kumaliro n'kubwerera. Ine ndinatsala muno. Ndinapempha mpaka maondo anatupa. Ndinkakuwira kumwamba ngati mmene timaitanirana kutsidya la dambo. Tsiku lina ndikuchokera kumanda ndinakhala pansi m'njira, ndinati basi, ndife pompano. Koma ndinkapumabe. Sindinkafuna, koma mpweya unkangolowa n'kumatuluka. Ndiye ndinadzifunsa kuti, kodi akupuma mwa ineyu ndani, poti ine ndakana? Kuyambira pamenepo ndinasiya kumuitana ngati ali kutali."

Anaponya makoko kumbali n'kupitiriza.

"Kutchalitchi ndimapitabe, musaganize kuti ndapenga. Kungoti mmawa uliwonse, ndisanagwire tsache, ndimanena zimene zilipo kale. Mulungu ali muno. Moyo wangawu ndi wake. Sindili ndekha. Basi. Masiku ena ndimakhulupirira, masiku ena ndimangonena."

Mawa lake anagwiranso dzanja langa, mkuja chimodzimodzi. Ndinagonja, osati chifukwa chokhulupirira ayi, koma chifukwa ndinalibe mphamvu zolimbana ndi munthu amene amandisambitsa. Iye ankanena, ine n'kumayesa kutsatira. Ankandiuza kuti ndikoke mpweya pang'onopang'ono, ndiusunge pang'ono, ndiutulutse pamodzi ndi mawuwo. Lilime linali lolemera ngati chikuni chonyowa. Kwa nthawi yaitali ndinkangoti, "Mu... mu..." Tsiku lina linatuluka lathunthu: "Muno." Limenelo ndilo liwu loyamba limene ndinalankhula chidwalire.

Mlongo wanga anaomba m'manja. Ineyo ndinayamba kuwerengera kuti ngati lilime lamasuka, dzanja nalo limasuka. Ndinayamba kunena mawu aja ndi khama, mmawa, masana, dzuwa likamalowa, maso ali pazala zanga zakumanja kuti ndione ngati chimodzi chingagwedezeke. Nyengo yozizira inabwera n'kupita. Zala zinangopindikirabe mkati ngati phazi la nkhuku yakufa. Mwendo unayamba kulola pang'ono, wokwanira kuukoka munthu wina atandigwira, koma dzanja ayi.

Mmawa wina iye atayamba kuti, "Mulungu ali muno," ine ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bodza."

Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Tamvani mmene latulukira bwino! Bodza! Koma achimwene, ine sindinakulonjezeni dzanja. Mwana wanga uja anadzuka m'manda ngati?"

Ndinakhala masiku angapo osafuna kupemphera naye. Iye ankanena yekha, ataima pambali pa mpando wanga, kenako n'kukatenga tsache.

Chimene chinachitika chinachitika m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Kumudzi woyandikana nafe kunagwa maliro a munthu wachibale, ndipo mudzi wathu wonse unapita. Mlongo wanga anandisiyira madzi m'botolo, ndodo, ndi chitini choti ndidzithandiziremo. Anati sachedwa.

Dzuwa lili pamutu, m'mimba munayamba kupota. Ndinayang'ana chitini chija n'kudziuza kuti ine ndine munthu wamkulu, chimbudzi chili kuseri kwa nyumba pompa. Ndinagwira ndodo n'kudzikoka mpaka ndinaima. Ndinayenda motsamira khoma. Khoma litatha panatsala kamtunda koti kale ndikanangodumpha. Ndodo inaterera pamwala, ndipo ndinagwa chafufumimba pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi.

Ndinayesa kutembenuka, zinakanika. Dzanja lamoyo lija linapanikizika pansi pa thupi langa, lakufa lili kumbali ngati la munthu wina. Ndinaitana. Mawu anga sanapitirire ngakhale khola lija, ndipo ngakhale akanapitirira, m'mudzi munalibe munthu. Chimene ndinkathawa chija chinachitika pomwepo, m'buluku. Ntchentche zinabwera. Nyerere zinayamba kukwera m'khosi, zina kulowa m'khutu, ine wosatha kuzisasa. Nkhuku inafika pafupi ndi nkhope yanga, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi, n'kuyamba kupalasa fumbi lomwe linkandilowa m'kamwa.

Ndinalira ngati khanda. Ndinapempha Mulungu kuti atume munthu, aliyense, ngakhale woledzera wosokera njira. Sikunabwere munthu. Ndinapempha kuti ngati sangatume munthu, angonditenga. Nthaka inali yotentha ngati chiwaya, ndipo ndinapitiriza kupuma.

Misozi itatha, mawu opempha atatha, ndinangokhala chete. M'chete mmenemo ndinamva kugunda pachikhatho chimene chinapanikizika chija. Pakamwa panga, podzaza dothi, panayamba kunena pokha. Muno. Mulungu ali muno. Panalibe wondikakamiza, panalibenso chimene ndinkafuna kugula ndi mawuwo.

Sindinaone kuwala kulikonse, sindinamve liwu lochokera kumwamba, ndipo mphamvu sizinabwere m'miyendo. Chimene ndingathe kunena n'chakuti ndinadziwa kuti pafumbi paja sindinagone ndekha. Panali wina amene sanaime chapatali ngati ana anga, sanatseke mphuno, sanali kudikira kuti ndisambe kaye. Anali mkati mwenimweni, kumene mpweya umachokera, ndipo nyerere zimene zinkandiluma ine zinkamuyenda iyenso. Manyazi amene ndinawasenza kuchokera tsiku la m'chigafa lija anapepuka pang'ono. Ndinkakoka mpweya, n'kunena, n'kukokanso.

Ndinagonabe pomwepo mpaka mthunzi wa nkhokwe unandifika. Mlongo wanga atandipeza anakuwa, n'kundigudubuza, n'kundikokera pamthunzi akulira ndi kudzitukwana kuti anandisiyiranji. Tsaya langa linali litasupuka, milomo itang'ambika. Anandisambitsa kuseri komweko. Akundithira madzi ndinafuna kumufotokozera zimene zinachitika, koma nkhani yake inali yaitali kuposa lilime langa. Ndinangoti, "Analipo." Iye anaganiza kuti ndikunena munthu wina amene anadutsa osandithandiza, ndipo anafunsa mwaukali kuti anali ndani. 

Mpaka lero ndili ku Dzoole. Ndimalankhula, koma pang'onopang'ono, ndipo anthu osaleza mtima amandimalizira mawu, kawirikawiri molakwika. Ndimayenda ndi ndodo kufika pamtengo wa mango umene uli kumapeto kwa bwalo. Dzanja lamanja limangolendewera. Kutchalitchi amandipititsa panjinga, ndipo kwaya ikamaimba ndimamva pamene besi ikuperewera, koma ndimangokhala. Mapemphero a mmawa aja sindinawasiye. Masiku ena mawuwo amakhala ndi moyo ngati tsiku lija. Masiku ambiri amakhala ouma, ndipo ndimangowanena, kenako n'kudikira kuti wina abwere kudzandimanga mabatani.

Mkazi wanga anabwera atakolola, monga anagwirizana, koma sanabwere kudzanditenga. Anati atsibweni akuti tidikire kaye ndipezeko bwino. Poyamba ankabwera pafupipafupi ndi ana. Tsopano amabwera mwa apo ndi apo, yekha, poti ulendo ndi wautali ndipo munda ulibe womusiyira. Sindimuimba mlandu. Manja ake akhakhala kuposa mmene anga analili.

Ulendo womaliza anandibweretsera chinangwa ndi juzi yanga yakale. Tinakhala pansi pa mango uja, iye pamphasa, ine pampando.

"Mukupezako bwanji, bambo?"

"Pang'ono," ndinatero. Kenako ndinafunsa funso limene ndinalikonzekera kuyambira pamene ndinamva kuti akubwera. "Kunyumba... liti?"

Anayang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi kamtengo.

"Mvula ikatha, tidzaona. Panopa msewu ndi woipa."

Ndinagwedeza mutu. Anakhala pang'ono, kenako anati achite changu angasowe njinga yomufikitsa kumsewu. Ndinamuyang'ana akutsika kanjira ka pakati pa chimanga, mpango wake wofiira ukuoneka n'kumabisika, mpaka anakhota pachulu. Mitambo inali itayamba kuda chakumapiri a ku Ntchisi. Mlongo wanga anatuluka kudzanula zovala, ndipo atamaliza anabwera kudzandigwira m'khwapa kuti tilowe m'nyumba.