A Sungani ndi Timizere Tawo

Ku ofesi ankawatcha a Sungani, ndipo dzinalo sanawanamizire. Chibadwire bamboyu sanatayepo kanthu. Kunsi kwa bedi lawo kunali makatoni a machaja akufa ndi marimoti a ma TV amene anagulitsidwa kalekale. Akazi awo anatopa nako kulankhula, ankangosesa mozungulira.

Ankalemba mapulogalamu pakampani ina yoyang'anira mamita a madzi. Mita iliyonse inkatumiza uthenga mphindi iliyonse osapuma, ndipo makompyuta akuluakulu khumi ndi awiri, otchedwa maseva, ankagawana mauthengawo n'kuwakonza pomwepo. Pulogalamu imayenera kusiya malogi, timizere tonena zimene yachita, kuti zikavuta anthu adziwe poyambira. Anzawo ankalembetsa tochepa, koma a Sungani ayi. Uthenga ukalowa, mzere. Ukatuluka, mzere. Mzere uliwonse unkayamba ndi dzina lawo, ati kuopa kuti wina angadzawabere ulemu.

Chaka chimenecho mpando wa mkulu wa gulu unalibe munthu, ndipo a Sungani ankaufuna koopsa, mpaka anaguliratu jekete. Wopikisana nawo anali mayi wina wofatsa wokhala pafupi ndi zenera. Mayiyo anawachenjeza kawiri konse kuti timizere tawo tikuunjikana m'memori, malo ochepa amene seva imasungiramo zinthu kwa kanthawi, podikira kulembedwa padisiki, ndipo memori si kunsi kwa bedi. Iwo anauza anzawo kuti imeneyo ndi nsanje chabe.

Lachiwiri lina m'mawa, mamita atsopano masauzande atalumikizidwa, seva imodzi inadzaza n'kuzima. Katundu wake anagwera zinzake, nazonso zinatsamwa imodziimodzi. Pofika teni koloko zonse zinali zii.

Bwana anaitanitsa msonkhano. A Sungani, ali m'jekete lawo latsopano, anaimirira n'kunena kuti vuto ndi netiweki, ndipo mwamwayi muofesimo muli munthu mmodzi amene amasunga umboni.

"Tsegulani malogi, bwana, muone nokha."

Bwana anatsegula, chinsalu choonetserapo cha pakhoma chinadzaza. Sungani: uthenga walowa. Sungani: uthenga watuluka. Sungani: ndadutsa apa. Anatsitsa mpaka chala chinatopa, za netiweki osapezeka. Ngakhale mzere wonena chimene chinazimitsa maseva sunapeze polembedwa, malo onse anali atatha.

"Umboni ndauona," anatero bwana. "Mwasainanso kokwana mamiliyoni makumi anayi. Khalani pansi."

Mpando unapita kwa mayi wa pazenera uja. Ntchito yoyamba imene mayiyo anawapatsa a Sungani inali yofufuta malogi onsewo ndi dzanja lawo, ndipo kunena zoona izi zinawawawa kuposa za mpando. Anafufuta malogiwo misozi ikulengeza, mayiyo ataima kumbuyo kwawo.

Loweruka lake akazi awo akusesa kuchipinda, tsache linagunda katoni yachilendo kunsi kwa bedi. Munali jekete lopindidwa bwino ndi madisiki asanu, iliyonse yolembedwa kuti malogi, deti ndi dzina la amuna awo. Anaikankhira mkati ndi phazi, n'kusesa mozungulira.