Malata pa Ming'oma ya Bambo

Ndikukumbukira chilimwe chimene bambo anandimenya chifukwa cha njuchi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, titangobwerera kwathu kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi. Mitengo ikuluikulu tinaipeza itatha, choncho bambo anaika ming'oma yawo pamphanda, pamtetete, n'kuivindikira ndi malata amene tinasenza pamutu kuchokera kumalire, ku Entre Lagos. Ankanyada nazo. Ankati njuchi za anzawo n'zamphawi, zawo zokha ndizo zimagona m'nyumba ya malata.

Dzuwa la Okutobala litakula, njuchi zinayamba kugwa. Zinkakwawa pansi zikunjenjemera, zili bii, ubweya utathothoka, zina mapiko atakwinyika. Nyerere zinkazikoka zikadali zamoyo.

Masana ena bambo anandigwira pakhosi. "Iwe galu, bomba lopopera mankhwala a thonje lija unalitsukira kuti?"

"Kudambo, bambo, monga munanenera."

"Bodza! Wandiphera njuchi!"

Anatola tcheni cha njinga n'kundikwapula mpaka malaya anamatirira kumsana ndi magazi. Mayi atabwera kudzaleretsa, bambo anawakankhira uko. Ine mtima ndinatengera bambo omwewo, ndiye ndinawaluma dzanja. Pamenepo anandinyamula n'kundiponyera pamng'oma. Msana wa mabalawo unagwera palata, ndipo ndinakuwa kuposa mmene ndinakuwira ndi tcheni.

"Moto! Lata likuwotcha!"

Njuchi zinatiluma tonse awiri, koma zinali zowerengeka. Bambo anaika chikhatho palata n'kuchichotsa msangamsanga. Atavundukula anapeza zisa zitagwa, phula litasungunuka, uchi ukuchucha, ana a njuchi atafera momwemo. Anaima chilili, tcheni chikulendewera m'manja. Sanapepese, ndipo mpaka anamwalira sanaitchulepo nkhaniyi. Anangopita kukasasula udzu padenga la khola la mbuzi, n'kufolera ming'oma imene inatsala.

Ndili ku sekondale ku Insaca, purufesoro wina, mphunzitsi wathu, anatiuza kuti njuchi zimatha kukhala ndi tizilombo ta vayirasi m'thupi osadwala, koma kutentha kukazifooketsa m'pamene matenda amabuka. Anzanga ankalemba. Ine ndinatuluka m'kalasi, chifukwa ndinkafuna kuswa chinachake.

Zipsera ndili nazo, ukali ndili nawo, sindikana. Chimene ndikudziwa lero n'chakuti munthu akapsa mtima amathamangira amene angathe kumumenya, makamaka pamene cholakwacho anachichita yekha ndi manja ake. N'chifukwa chake mwana wanga akandiputa, ndimapinda manja kumbuyo n'kumulola kuti amalize kaye kuyankhula.