Jekete Pamwamba pa Deresi ya Ambuya

Ndikukumbukira kulira kwa nsalu yatsopano ikamang'ambidwa. ANaphiri, telala wa pamsika wa Sinda, ankangodula pang'ono ndi sizasi, kenaka n'kukoka ndi manja awiri, nsalu n'kumveka kwee! mpaka kumapeto. Tsiku lomwe ndinamva phokosoli koyamba ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditakhala pabenchi pakhonde la shopu yawo, ndikudikira ambuya.

Ambuya anali mayi wa amayi anga. Ndiwo anandilera kuyambira ndili ndi zaka zinayi, makolo anga atamwalira motsatizana. M'nyumba tinalimo awiri basi. Monga amachitira agogo ambiri kwathu, ankanditchula kuti "amuna anga", ndipo ndiwo zikapserera ankati, "Amuna anga, pepani, musandithamangitse." Ine sindinali mwana wolankhulalankhula. Ndinkangomwetulira, maso anga ali pa chilichonse.

Chimodzi mwa zomwe ndinkaona n'chakuti ambuya ankavutika ndi zovala. Anali aafupi, a mapewa aang'ono, koma a mabere aakulu kwambiri. Bulauzi ya pasalaula, pomwe amagulitsa zovala zovalidwa kale, ikawakwana m'mapewa, mabatani sankatseka. Ikatseka, manja ake ankafika m'zala. Mipata ankaimanga ndi mapini, ndipo pamwamba ankavala jekete yakuda ya malemu amuna awo, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Poyenda ankawerama pang'ono, mapewa atawakokera kutsogolo. Ine ndinkayesa ukalamba.

Chaka chimenecho aphunzitsi analengeza kuti pa tsiku la makolo, ana omwe akhoza bwino adzaitanidwa kutsogolo pamodzi ndi owalera. Ine ndinali mmodzi wa anawo. Ambuya atamva, anagula zitenje ziwiri zobiriwira za maluwa achikasu, n'kunditenga ulendo wa kwa telala.

Zomwe zinkakambidwa mkatimo ndinkazimva bwinobwino, poti pakhomo panali katani chabe.

"Vulani chijekete icho, mayi," anatero aNaphiri. "Ndikufuna ndiyese munthu, osati thumba la thonje."

"Ingosokani yotaya," anayankha ambuya motsitsa mawu. "Yaikulu, kuti zibisike."

"Zibisike n'zakuba? Mwayamwitsa ana angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Ndiye muchite nazo manyazi lero? Tandiyang'anani ine. Ndabisa chiyani?"

ANaphiri nawonso anali a thupi ngati lomwelo, koma ankayenda ngati msika wonse ndi wawo. Ndinawamva akuyesa mapewa paokha, pachifuwa paokha, ndi m'munsi mwa mabere paokha. Anati chovala chotaya chimachititsa munthu kuoneka ngati nkhokwe, pamene chopindidwa bwino m'munsimo chimaonetsa kuti munthu ali ndi chiuno. Mabatani akutsogolo anawakana, anati aika zipi kumbuyo. Khosi anati alisongola pang'ono kuti ambuya azipuma. Pomaliza anawatuma kukagula kamisolo ya zingwe zikuluzikulu, yosacheka mapewa. Ambuya anatuluka akuseka, dzanja lili pakamwa, ngati mtsikana.

Koma panali nkhani yomwe ambuya sankaidziwa. Tsiku lina m'mbuyomo anandibweretsera kusukulu kope lomwe ndinaiwala. Atangochoka, mnzanga wa m'kalasi dzina lake Masauso anatola mateme awiri, zipatso zobulungira za kutchire, n'kuwalowetsa m'malaya, n'kuyamba kuyenda akudzigwedeza. "Ndine ambuya ake a Dalitso!" ankakuwa motero. Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Ine sindinamumenye, sindinalire. Ndinasekako pang'ono kuti zithe msanga. Sizinathe. Kuyambira pamenepo ndinkapeza mateme m'chikwama changa pafupifupi sabata iliyonse.

M'mawa wa tsiku la makolo ambuya anasamba msanga, n'kudzitsekera kuchipinda nthawi yaitali. Atatuluka ndinadabwa. Anali ataimirira mowongoka, ndipo ndinazindikira kuti sanali aafupi monga ndinkaganizira. Deresi inawakhala bwino, yopanda pini, yopanda pokoka. Khosi lawo linkaoneka. Anali atadzola mafuta, nkhope ikuwala. Anazungulira kamodzi pakati pa nyumba.

"Amuna anga, mwandiona? Lero ndiye simundisiya!"

Yankho lake ndinkalidziwa. Mdzukulu aliyense kwathu amalidziwa: umati mwatchena akazi anga, muwapsetsa mtima anzanu lero. Ndipo likanakhala loona. Koma m'maso mwanga munabwera Masauso ndi mateme ake, ndi sukulu yonse itakhala pansi pa mitengo ya mango, ife awiri tili kutsogolo.

"Ambuya, valani jekete," ndinatero.

Anaseka, poyesa nthabwala. "Kutentha konseku?"

"Anthu aziseka."

"Aziseka ndani?"

"Inu. Pachifuwapo."

Sanandikalipire. Dzanja lawo linakwera pang'onopang'ono n'kukaphimba pakhosi paja. Anayang'ana deresi, anayang'ana ine. Kenaka analowa kuchipinda, ndipo potuluka anali atavala jekete, batani lomwe linkatha kutseka atalitseka.

"Tiye, Dalitso," anatero.

Dzina langalo linandilasa kuposa mbama. Sindikukumbukira kuti anali atanditchulapo choncho m'nyumba mwathu.

Unali mwezi wa Okutobala. Nyenje zinkalira m'mitengo, mchenga ukuotcha mapazi. Ambuya anakhala kumbuyo kwenikweni. Dzina langa litaitanidwa anabwera atawerama monga kale, thukuta likutsika m'masaya n'kumadontha pakolala ya jekete. Ndinalandira makope atatu ndi cholembera. Anthu anaomba m'manja. Nditaponya maso kwa anzanga ndinaona Masauso akusekabe, ulendo uno atakweza mapewa n'kumadzinjenjemeretsa ngati munthu wozizidwa. Jekete sinatiteteze ku kanthu kalikonse.

Mwambo utatha tinakumana ndi aNaphiri, omwe anabwera chifukwa cha mwana wawo wamkazi.

"Aa, mayi! Ntchito yanga mwaikwirira? Ndinkafuna azimayi onsewa aione!"

"Ndadzuka ndi malungo," anatero ambuya. "Ndikumva kuzizira."

ANaphiri anawagwira pamphumi. Anayang'ana thukuta lija, kenaka anatembenukira kwa ine, amene ndinali nditakumbatira makope anga, maso ali pansi. Anangoti "Mhm," n'kuwakonza ambuya kolala, n'kumapita. Ambuya, amene sankaphonya mapemphero, anali atanena bodza pofuna kunditchinjiriza.

Madzulo anandiyamikira chifukwa cha makope aja, anandiphikira mazira awiri, zonse monga mwa masiku onse. Ndinkafunitsitsa atandikalipira, kuti ndipeze polirira ndi popepesera. Sanatero, ndipo ine, ndi pakamwa panga polemera paja, sindinapepese. Ndinkati ndinena mawa. Anamwalira ndili ku sekondale, mawa lija lisanafike.

Lero ndine bambo, ndimakhala ku Katete, ndipo ndaperekezapo mkazi wanga kwa matelala kangapo. Ndikamamva akukambirana za mapewa ndi chiuno, ndimatuluka panja. Ndinazindikira mochedwa kuti za Masauso sizinali zachilendo kwa ambuya. Anali atakumana ndi anthu otero kuyambira ali namwali, kuchitsime, kumsika, m'minibasi, ndipo jekete ija ndi kuwerama kuja zinachokera kumeneko. Panafunika mayi mnzawo wa tepi m'khosi kuti awawongole msana atakula kale. Kuseka kwa anthu akunja mwina akanakupirira tsiku limenelo, poti anali atakonzeka. Chomwe ankafuna chinali mawu amodzi a munthu wa m'nyumba mwawo. Ine ndinkaganiza kuti ndikuwateteza. Zoona zake n'zakuti ndinkadziteteza ndekha, ndipo manyazi anga ndinawasenzetsa iwo kuti awavale padzuwa.

Deresi ija sindinawaonenso atavala. Lolemba lotsatira tsiku la makolo lija, ndikumanga mabuku kuti ndizipita kusukulu, ambuya anatuluka kuchipinda ndi jumbo yakuda. Mkatimo munali deresi, itapindidwa bwinobwino, ikununkhirabe utsopano.

"Udzere kwa aNaphiri," anatero. "Ukawauze aiphwasule, akusokere malaya awiri a kutchalitchi. Nsaluyi ndi yabwino, isangokhala."

Anandiika jumbo ija m'manja, n'kunyamula khasu lawo paphewa, ulendo wa kumunda.