Mkamwini wa ku Chiosya ndi Fomu Yobwereka

Ku Chiosya akati "mlimi wachitsanzo," aliyense ankadziwa kuti akunena a Greyson Kamanula. Kwa zaka makumi atatu, njira iliyonse yachitukuko yobwerekedwa kunja inkayamba yatera m'munda mwawo. Atabwera alangizi oti chimanga chibzalidwe chimodzichimodzi paphando, anayamba ndi iwo. Atabwera ena oti mizere ithe, mapesi aphimbe nthaka, anagwetsa mizere anthu akuwaseka. Chaka china anamva kuti kutsidya kwa nyanja mudzi uliwonse umatchuka ndi chinthu chimodzi, ndipo anatha miyezi isanu akupera chiponde cha m'mabotolo chimene chinathera m'mimba mwa adzukulu. Zipewa za mabungwe anali nazo zisanu ndi ziwiri, mutu uli umodzi womwewo.

Sikuti anali munthu wongotengeka. Ankati dziko losauka lili ngati munthu wopita kuukwati ndi jekete yobwereka: palibe chamanyazi, bola ukaona kuti manja atalika, uwapinde. Zina mwa njirazo zinawapindulira ndithu, malata a nyumba yawo ndiwo mboni.

Koma munda umene ankayeserapo zonsezi sunali wawo. A Greyson anabadwira ku Guilleme, ndipo ku Chiosya anabwera ngati mkamwini. Malowo anali a akazi awo, a Tabeth, amene anasiyiridwa malowo ndi amayi awo. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma awa sanaterereke. A Tabeth atamwalira, abale a mkazi anawauza kuti akhalebe, alere ana, munda udzakhale wa mwana wamkazi, Millicent.

Chaka chatha kunabwera bungwe lina ndi ntchito yolembetsa minda. Wolemba anali Wezzie, mtsikana waulemu wa ku Rumphi, kumene malo amayenda ndi bambo. Anafotokoza kuti mayiko ena amene atukuka msanga anayamba ndi kupatsa mlimi pepala la malo ake, ndipo fomu imene ananyamula inatengera zakomweko. Pamwamba pake panali mpata umodzi wokha: dzina la mutu wa banja.

Monga mwa masiku onse anayambira pa a Greyson, anthu atazungulira kuti aonere.

"Bambo, ndilembe Greyson Kamanula ngati mwini munda?" anafunsa Wezzie.

Mtima unawakoka, tisabise. Thukuta lawo lonse linathera m'dothi limeneli, koma pamaliro ndi pamilandu ankayesedwabe obwera. Pepalalo likanawasandutsa eni. Koma ankadziwanso zakwawo. Tsiku limene iwo adzatsikire kulichete, ana a mlongo wawo adzabwera kuchokera ku Guilleme n'kuloza dzina la amalume awo papepalapo, ndipo Millicent adzayamba kupempha polima pamunda wa amayi ake. Millicent anali ataima chapomwepo, khanda kumsana, maso pansi. Sakanatha kuwatsutsa bambo ake pagulu.

"Mayi, pepalalo tikulifuna," anatero a Greyson. "Koma kuno mutu wa banja ndi wina, mwini nthaka ndi wina. Lembani Millicent."

"Ndikatero, bambo, simukhalanso mlimi wachitsanzo," anayankha Wezzie. "Bungwe likutenga eni minda okha."

Zinawawawa kwambiri. Ulemu umenewo ndi wokhawo umene anali nawo m'mudzi wa eni. Anavula chipewa cha bungwelo, chimene anali atangolandira m'mawa womwewo, anachiyang'ana pang'ono, n'kuchipereka kwa mwana wawo.

Wezzie anaweramira pafomu ija. Kenaka anakhwatcha mawu akuti "mutu wa banja" n'kulemba dzina la Millicent pamwamba pake. Amuna anayi amene anali pamzere kumbuyo kwa a Greyson anayang'anana, nabwerera kukaitana akazi awo.

Masiku ano alendo akafika pagalimoto, amafunsa za Millicent. A Greyson amawalozera kumene ali, n'kubwerera kukapalira mtedza, dzuwa likuwaotcha pamutu popanda chipewa, zisanu ndi ziwiri zija atazisiya m'nyumba.