Agogo Anali Kapitao

Nyumba za mumzere wathu ku Tyrrelstown zitagulidwa ndi kampani ina yakunja, tonse tinauzidwa kuti tisamuke. Nthawi imeneyo nyumba za lendi zinkasowa mu Dublin. Ukapita kukaona nyumba, unkapeza anthu atandanda mpaka kumsewu.

Loweruka lina masana ndinapita kwa mayi wachiairishi woyandikana nane, wamasiye, amene ankandisungira mwana ndikapita kuntchito. Ndinawapeza akukulunga makapu m'manyuzipepala.

"Si koyamba izi kwa ife," anatero. "Makolo a agogo anga anathamangitsidwa pamunda ndi mwini malo wachingelezi. Tirigu wathu ankakwera sitima kupita ku England anthu kuno akufa ndi njala. Koma chimene agogo sanakhululuke n'choti amene anagumula denga anali anthu athu omwe, olembedwa ganyu."

Kenaka anandifunsa:

"Nanga kwanu Angelezi sankatero?"

Ndinawafotokozera za thangata, kuti azungu atatenga malo ku Thyolo n'kudzala tiyi, eni nthaka ankagwira ntchito yaulere kuti aloledwe kukhala pamalo pawo pomwe. Wokana ankamugwetsera nyumba n'kumuzulira chimanga.

Mayiwo anandigwira dzanja, misozi ikulengeza m'maso. "Ndiye ndife amodzi, mwana wanga. Abale ako anavutika ngati anga."

Agogo anga aamuna anali kapitao paesiteti. Kwathu tinkawatchula monyadira: ndiwo anali oyamba kufolera malata m'mudzi, oyamba kugula njinga, ndipo bambo anga anapita kusukulu chifukwa cha ukapitao umenewo. Ine ndinafika ku Ireland chifukwa cha sukulu ya bambowo. Ndinali ndisanadzifunsepo kuti ntchito ya kapitao inali yotani kwenikweni.

"Ayi, mayi," ndinatero motsitsa mawu. "Agogo anga anali mbali ya ogwetsa nyumba."

Sanachotse dzanja lawo msanga. Patapita kanthawi anandipatsa nyuzipepala, ndipo tinakulunga makapu otsalawo osayang'anana.

Mawa lake nditachoka ku Misa ndinaimbira bambo kumudzi. Ndinawafunsa ngati agogo anagwetsapo nyumba ya munthu.

"Wamva kwa ndani?"

"Palibe, ababa. Ndangofunsa."

"Anagwetsa zambiri," anatero. "Ina inali ya mlongo wawo weniweni. Iwe unali wamng'ono, sungakumbuke, koma pamaliro awo adzukulu anakana kukumba manda. Tinachita kulemba anthu ochokera kutali."

Mayi aja anasamukira kwa mwana wawo ku Lucan, ine ndinapeza kachipinda ku Santry. Tsiku losamuka anandipsompsona patsaya monga kale, nandiuza kuti ndizibwera ndi mwana. Ndinapitako kamodzi. Anandilandira bwino, tiyi ndi mabisiketi, koma tiyi wanga anazizirira m'kapu osamumwa.